Kafukufuku wa zachipatala: dziwani ufulu wanu

Achinyamata, mukapita ku chipatala chachikulu cha Mangochi mutha kuonedwa ndi ophunzira udokotala ochokera ku Kamuzu University of Health Sciences, kapena kupemphedwa kulowa nawo m'kafukufuku. Musaope. Kafukufuku wa HPTN 052, yemwe mudalinso anthu a ku Lilongwe ndi Blantyre, adaonetsa mu 2011 kuti kuyamba msanga kumwa ma ARV kumachepetsa kwambiri chiopsezo chopatsira wokondedwa wako kachilombo ka HIV.

Komabe musasaine kapena kudinda chala musanamvetse bwino. Funsani: magazi angawa mupita nawo kuti? Zotsatira adzaziona ndani? Ngati simunakwanitse zaka 18, kawirikawiri makolo amayeneranso kuvomereza.

Kumbukirani, muli ndi ufulu wokana kapena kusiyira panjira, ndipo chithandizo mudzalandirabe monga mwa masiku onse.