Kutopa kumene sikutha ndi tulo

Abale ndi alongo a ku Chimbonila, ku Lione ndi midzi yonse ya kumalire, kutopa kwa khasu tonse tikukudziwa. Mukapalira nyemba tsiku lonse, n'kusamba, kudya nsima ndi kugona, m'mawa mumadzuka muli ndi mphamvu. Lero tikambe za kutopa kwina, kofala pakati pa anthu olembedwa ntchito, kumene sikutha ngakhale mutagona usiku wonse.

Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidafotokoza za kutopa kumeneku, kumene pa Chingerezi amati burnout. Lidati si matenda pakokha, koma ndi vuto lobwera munthu akapanikizika kuntchito nthawi yaitali popanda chithandizo. Zizindikiro zake ndi zitatu: mphamvu kutheratu, mtima kuchoka pa ntchito mpaka kuyamba kuida, komanso kulephera kugwira bwino zimene kale mumazitha mosavuta.

Chachiwiricho ndicho anthu sachizindikira msanga. Namwino amene anali wachifundo ayamba kukalipira odwala. Mphunzitsi aima pa bolodi koma ana sakuwaonanso ngati ana, akungowerenga maola. Anthu amati wayamba matama, kapena ndi ulesi. Nthawi zambiri si choncho ayi. Mtima wake watseka chitseko chifukwa walema.

Nanga bwanji ntchito yolembedwa, pomwe kumunda thukuta limachuluka kuposa? Kumunda kwanu mumadziwa poyambira ndi pothera. Maliro akagwa mumasiya khasu osapempha munthu, ndipo chimanga chikacha n'chanu. Koma taganizani za amene amagwira m'minda ya paini ndi bulugama yozungulira Lichinga. Ndime ya tsiku amayeza ndi kapitawo, mitengoyo idzadulidwa patapita zaka zambiri ndipo si yake, ndiye ngati ntchitoyo ndi ya nyengo, sadziwa ngati mwezi wa mawa adzamuitananso. Wa boma naye amatumizidwa kutali ndi kwawo, kumene mwina chinenero sachimva, n'kumadya yekha. Tsono kwabwera foni. Kale ukaweruka waweruka. Lero uthenga wa abwana pa WhatsApp umakupeza uli pamphasa ndi ana. Ndipo musaiwale ana anu ali ku Nampula kapena ku Joni: akasiya kuimba foni, si nthawi zonse kuti akuiwalani.

Vutoli likakhalitsa limatsegulira njira matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, amene kwathu kuno timangoti kuganiza kwambiri. Mu 2022 WHO ndi bungwe la zantchito la ILO adati matenda awiriwa amadya masiku ogwira ntchito okwana 12 biliyoni chaka chilichonse padziko lonse. Pakhomo mudzaona mutu wosatha, kusowa tulo, kupsa mtima pa zazing'ono, kuleka kupita ku mzikiti kapena ku tchalitchi, ndi kachasu amene kale sankamwa.

Ngati ndinu mwini vutoli, dziwani kuti lamulo la zantchito la Mozambique limaika maola 8 pa tsiku ndi 48 pa sabata ngati muyeso wa nthawi zonse, ndipo limakupatsani tsiku lopuma pa sabata ndi tchuthi cha pachaka. Kupempha zimenezi si mwano. Kudandaula muli nokha n'kovuta, tikudziwa, makamaka pamene pageti pali anthu ambiri odikira malo anu. N'chifukwa chake ndi bwino kukaonana ndi abwana muli angapo, ndi pempho limodzi lomveka, monga lakuti mauthenga a usiku adikire m'mawa.

Inu apabanja, munthu akafika ali chete musayambe ndi funso la malipiro. Mpatseni madzi, adye, ndipo pambuyo pake mufunseni mmene tsiku layendera. Akayamba kulankhula musamudule ndi mawu akuti anzako akusowa ntchitoyo. Amadziwa kale zimenezo, ndipo ndizo zimamutseka pakamwa.

Kusowa tulo, kusafuna chakudya kapena kusakondwa ndi chilichonse zikapitirira masabata awiri, pitani kuchipatala chapafupi mukafotokoze zonse, osati mutu wokha. Kutopa kumabweranso ndi malungo, kuchepa magazi, shuga kapena HIV, choncho lolani akupimeni. Pakafunika adzakutumizani kwa oona za matenda a maganizo ku chipatala chachikulu cha Lichinga. Koma munthu akanena kuti kuli bwino kufa, musadikire masabatawo. Musamusiye yekha, chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu ndi a makoswe, ndipo mupite naye tsiku lomwelo.