Mmene tinasankhira kopita pa tchuthi cha m'chisanu

Anzanga, ambiri mumandidziwa ngati mtsikana wa fomu 2 uja wovala majuzi awiri pa asembule. Musaseke, ine ndinakulira ku Nchalo ku Chikwawa, kumene usiku timagona mazenera osatseka. Tinasamukira kuno kufupi ndi Bembeke mu Januwale, bambo atasinthidwa malo ogwirira ntchito. Mwezi wa Juni utafika, mng'ono wanga wazaka zisanu anayamba kutsokomola usiku, ndipo tsiku lililonse ankangolira kuti tibwerere kwathu. Amayi nawonso anali atafooka nako kuno.

Ndiye malume anga, amene amanyamula kachewere ndi kabichi pa galimoto yawo ya pikapu, anati pa tchuthi cha pa 6 Julaye atitengako tikaone malo, mwina mitima ingakhazikike. Koma mafuta analipo a ulendo umodzi wokha, wopita ndi kubwerera tsiku lomwelo. Ankangondiuza kuti, "Iwe wa ku sekondale, sankha ndiwe." Ndikufuna ndikufotokozereni mmene ndinasankhira, poti mwina wina mwa inu adzasamukanso ngati ine.

Choyamba ndinafunsa eni dera, paja safunsa adadya phula. Ndinafunsa aphunzitsi a jogalafe, agogo oyandikana nafe ndi anzanga atatu a m'kalasi. Malo amene anatchulidwa anali anayi: phiri la Dedza, zojambula za pamiyala za ku Chongoni, kunyanja ku Senga Bay, ndi ku Mua.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, ndinayang'ana kukwera kwa malo. Tinaphunzira kuti ukamakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500. Nchalo ndiye ili pansi zedi. Apa m'pomwe ndinamvetsa chifukwa chake timanjenjemera kuno. Phiri la Dedza limapitirira mamita 2,000, ndiye kukwera kumeneko mu Julaye ndi mwana wa chifuwa, atakhala kumbuyo kwa pikapu? Ayi ndithu. Phirilo ndinalichotsa kaye.

Ku Chongoni ndinkafunako kwambiri. Kuli malo 127 a zojambula zakale, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira amati ndi za Akafula, pamene zoyera zambiri ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau. Njira zafumbi za kumeneko zimayendeka bwino nyengo ino chifukwa kulibe matope. Koma ndi kumtunda komwekuno, kozizira ngati kwathu kuno, ndiponso pamafunika kukwera miyala wapansi. Ndinati tidikire Seputembala.

Chachitatu ndi mphepo. Mtima wanga unali kunyanja, poti sindinayionepo. Agogo aja anangoseka, amvekere, "Mwana iwe, Julaye ndi mwezi wa mwera." Mwera ndi mphepo yochokera chakummwera imene imawomba panyanja nyengo yozizira. Imautsa mafunde akuluakulu moti asodzi amasiya mabwato awo pagombe masiku ena. Ukhoza kuwononga mafuta onsewo n'kukangokhala pamchenga utafunda chitenje. Komanso Senga Bay ndi kutali kwa anthu ofuna kubwerera tsiku lomwelo.

Chachinayi ndi dzuwa. Miyezi ino limalowa msanga, cha m'ma hafu faifi. M'mawa pamsewu wa M1 pamakhala nkhungu yoti dalaivala saona patali. Tsono maola abwino oyendera ndi ochepa. Malume anati tinyamuke nkhungu ikangobalalika ndipo tikhale titakwera kale chitunda dzuwa lisanalowe.

Malo amene anakhoza mayeso onsewa ndi Mua. Ali m'boma lathu lomweli la Dedza, koma kumunsi, kufupi ndi Mtakataka. Tinadzera M1 mpaka pa Masasa, n'kukhotera msewu wa Khwekhwelere wotsikira ku Golomoti. Eee, msewu umenewo! Makona ake ndi okhotakhota ngati njoka, ndipo malume ankayenda pang'onopang'ono pa giya yaing'ono kuti mabuleki asatenthe. Pamwamba pake chigwa chonse chimaoneka pansi apo. Tili pakati pa chitunda makutu anga anatseka, ndipo tisanafike pa Golomoti ndinali nditavula juzi yoyamba. Titaona mitengo ya malambe, mng'ono wanga anakuwa kuti, "Amayi, tafika kwathu!"

Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa mu 1902 ndi ansembe a White Fathers. Pamenepo pali malo a zachikhalidwe a Kungoni, amene anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare tinaona zigoba zambirimbiri za Gule Wamkulu, ndiponso zofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ine wokulira pakati pa Amang'anja ndi Asena ndinaphunzirapo zambiri za anthu amene ndikukhala nawo tsopano. Panjapo anthu osema ziboliboli anali pa ntchito yawo. Kamba tinatenga wathuwathu, mbatata yophika ndi tiyi wa m'fulasiki, kuti ndalama ikwanire polowera.

Pobwerera tinavalanso majuzi tili pakati pa chitunda chomwe chija. Chifuwa cha mng'ono wanga sichinathe chifukwa cha ulendowu, chinatha ndi mankhwala a kuchipatala. Koma kulira kofuna kubwerera ku Nchalo kunachepa, poti anadziwa kuti kotentha kuli pafupi, kungotsika phiri basi.

Tsono mukakhala achilendo pamalo, musathamangire malo otchuka okha. Funsani eni dera, onani ngati mukukwera kapena kutsika, ganizirani mphepo ndi nthawi imene dzuwa likulowa, kenako muwerenge ndalama zanu. Ku Chongoni sindinakuiwale. Amene munapitako ku Mphunzi kapena ku Chencherere, mundipeze pa buleki mundiuze koyambira.

Wophunzira wa fomu 2