MADZI OTSUKIRA GALASI LA GALIMOTO AKAKANA KUTURUKA

Munthu wocoka ku Chipata mamawa kulinga ku Mwami, pa malire a Zambia ndi Malawi, amayenda makilomita oposa 20, ndipo m'malo ambiri amayang'anana ndi dzuwa. M'miyezi ya June ndi July, mvula italeka kale, mseu umenewu umadzala ndi anthu a njinga osenza makala ndi ndiwo, ana a sukulu, ndi magalimoto akuru a katundu. Galasi la kutsogolo likakhala ndi pfumbi ndi mame, kuwala kwa dzuwa kumamwazikana pa galasipo, woyendetsa osaona kanthu. Pamenepo amakoka kandodo ka mawaipa kuti madzi apopere. Koma madziwo akakana kuturuka, mawaipa amangopaka matope. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ora imapita mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Masekondi atatu a khungu lotere ndiwo mamita 50, ndipo m'mamita amenewo mungathe kukhala mwana wa munthu.

Nkhaniyi ikhudzanso anthu a ku migodi ya ku Kitwe ndi Chingola amene amapita kwao pa chuti. Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pa mseu wa Great East Road pali makilomita pafupifupi 570, ndi mapiri ndi zigwa za ku Luangwa pakati pace. Ulendo wotere ufuna galasi loyera.

MMENE CIPANGIZOCI CIMAGWIRIRA NCHITO

Mawaipa ndi akale ndithu. Mai wina wa ku America, dzina lace Mary Anderson, analandira kalata ya boma yomzindikira kuti ndiye mwini nzeru ya copukutira galasi m'caka ca 1903. Zopopera madzi zinadza pambuyo pace. Kapangidwe kace nkosabvuta. Pansi pa boneti pali botolo la madzi. Kunsi kwa botololo kuli pampu yaing'ono yoyendera magetsi a batire, ndipo pa khomo pace pali kasefa kogwira zitsotso. Madzi akacoka m'pampu amayenda m'kapaipi ka mphira, kamene kamagawikana pawiri, nafika pa timilomo tiwiri tiri pa boneti kapena kunsi kwa galasi. Magalimoto ambiri ali ndi kavalavu pa kapaipiko koletsa madzi kubwerera m'botolo. Magetsi opita ku pampu amadzera pa fyuzi. Tsono botolo, sefa, pampu, kapaipi, timilomo ndi fyuzi, cimodzi mwa izi cikalakwika madzi saturuka.

CIFUKWA CACE BVUTOLI LIMADZA NDI CISANU

Ku maiko ozizira kwambiri, monga ku Britain ndi ku Japan kumene magalimoto ambiri ogwirapo kale nchito amacokera, mdani wamkuru ndiye kuundana kwa madzi. Madzi amaundana pa madigiri 0, ndipo poundana amafufuma: malita 11 a madzi amafuna malo a malita 12. Mphamvu imeneyi imang'amba botolo, imaswa pampu, kapena kukankha kapaipi kuti kacoke pa malo pace. Madalaivala a ku Eastern Province amene amagona ku Johannesburg m'miyezi ya June ndi July amakomana nazo zimenezi, pakuti mzinda umenewo uli pamwamba, mamita oposa 1,700, ndipo usiku wina madzi amaundanadi. Cobvuta cimaoneka madzi atasungunuka, kapena munthu atafika kale ku Mwami.

Ku Chipata madzi saundana kawirikawiri, komabe nyengo ya cisanu iri ndi zoipa zace. Ndiyo nyengo ya pfumbi, ndipo pfumbi likasakanizika ndi mame limauma pa timilomo ngati dothi lomatira nyumba. Madzi okhalitsa m'botolo amamera ndere, ndipo ndereyo imatseka sefa. Madzi a pa zitsime zina ndi mijigo ali ndi laimu, yemweyo amene amayeretsa m'kati mwa ketulo, ndipo amatsalira m'timabowo. Sopo wa ufa amene ena amathira m'botolo sasungunuka bwino m'madzi ozizira. Amadikha pansi nasanduka phala. Mphira yakale imauma ndi kuzizira ning'ambika. Ngakhale makoswe, pofuna kufunda kwa injini usiku, amalowa pansi pa boneti natafuna timapaipi ndi mawaya.

KUFUNAFUNA PAMENE PALAKWIKA

Akuru anati kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu asathamangire kugula pampu yatsopano asanayese zinthu izi mwa dongosolo lace.

Coyamba, atsegule boneti naone ngati m'botolo muli madzi. Akathira madzi ndi kuona kuti alikudontha pansi pa galimoto, ndiye kuti botolo lang'ambika, kapena mphira yogwira pampu pa botolopo yatha.

Caciwiri, amvetsere. Atembenuze kiyi kuti magetsi ayake, injini osailiza, ndipo mnzace akoke kandodo iye ataima pafupi ndi botolo. Pampu yamoyo imalira ngati njuci. Kulira kumeneku ndiko kumasiyanitsa matenda a magetsi ndi matenda a njira ya madzi.

Pampu ikakhala cete, ayambe ndi fyuzi. Pa cibvundikiro ca bokosi la mafyuzi, kapena m'buku la galimoto, pali cithunzi cosonyeza fyuzi ya cipangizo ciri conse. Kawaya ka m'kati mwace kakaduka, aikepo ina ya nambala yomweyo, monga 10 kapena 15. Kumanga waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi ndiko kuitana moto. Fyuzi yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, pali waya wokhudza citsulo kapena pampu yagwira. Imeneyo ndi nchito ya makaniko wa zamagetsi. Fyuzi ikakhala yabwino, azule pulagi ya pa pampu, acotse dzimbiri, naibwezere molimba. Magetsi akamafika pa pulagi koma pampu osalira, pampuyo yafa.

Pampu ikalira koma madzi osaoneka, alondole njira ya madzi kuyambira kumapeto. Azule kapaipi kunsi kwa kamlomo, mnzace nakoke kandodo. Madzi akaturuka mwamphamvu, cotsekeka ndi kamlomoko. Akapanda kuturuka, azule kapaipi pa pampu peni peni ndi kuyesanso. Akaturuka pamenepo, colakwa ciri pakati: kapaipi kapindika, kang'ambika, kapena kavalavu kamatirira. Malo oyenera kuyang'anitsitsa ndi pa mahinjesi a boneti, pakuti mphira imapindika pamenepo tsiku ndi tsiku. Koma ngati ndi pa pampu pomwe madzi angodontha, sefa yatsekeka. Acotse pampuyo poikoka pang'ono pang'ono, atsuke sefa, natsukuluze botolo kufikira ndere yonse itatha.

Kamlomo kotsekeka amakatsegula ndi singano yopyapyala, moleza mtima, kuti bowo lisakule. Bowo lokula limataya madzi mopanda mphamvu. Ngati muli laimu, akacotse nakabviike m'viniga kwa maora angapo, kenaka apitirize madzi cobwerera m'mbuyo kuti zitsotso zituruke njira imene zinalowera. Timilomo tina tiri ndi kampira kotembenuka, ndipo ndi singano yomweyo munthu angathe kukalozetsa kuti madzi azigwa pakati pa galasi. Tina tamakono timamwaza madzi ngati nkhungu. Timeneti singano imationonga, tingofunika kubviika ndi kutsuka.

ZOYENERA KUPEWA

Madzi akakana kuturuka, munthu asagwiritse kandodo nthawi yaitali, cifukwa pampu yozungulira popanda madzi, kapena yogwidwa ndi madzi oundana, imapsa. Asayendetse mawaipa pa galasi louma, pakuti mcenga umalemba mizere imene sicokanso, ndipo usiku mizereyo imamwaza kuwala kwa nyali za magalimoto obwera kutsogolo. Madzi akaundana, aimike galimoto pa dzuwa nadikire. Madzi owira othira pa galasi lozizira angathe kuliswa.

M'botolo muyenera kulowa madzi oyera osefa, pamodzi ndi mankhwala ace otsukira galasi ogulitsidwa m'magalaja. Wopita ku maiko a cisanu coopsa agule mankhwala olembedwa kuti saundana. M'menemo muli mtundu wa spiriti umene umacititsa madzi kupirira kuzizira kopitirira madigiri 0. Mankhwala amenewa ndi ululu: ena ali ndi methanol, imene imacititsa khungu ndi kupha munthu akaimwa. Asasungidwe m'botolo la zakumwa, kapena pamene ana angafike. Ndiponso mankhwala a mu radiyeta asalowe m'botolo la galasi, cifukwa amapaka mafuta pa galasi ndi kuononga penti.

Cikalephereka pa ulendo, woyendetsa wanzeru amakhala ndi cigubu ca madzi ndi nsaru yoyera m'galimoto. Amapatuka pa mseu, naima, natsuka galasi ndi manja, ngakhale okwera adandaule kuti alikucedwa.

Nthawi yabwino yoyesa cipangizoci ndi mwezi wa May, cisanu cisanafike, ndi mwezi wa October, mvula isanayambe, pakuti madontho oyamba a November akagwa pa pfumbi la miyezi isanu ndi umodzi amapanga matope oipa koposa. Ndiponso kupopera madzi kamodzi pa sabata kumaletsa timilomo kuuma. Fyuzi ndi kapaipi ka mphira nzotsika mtengo, ndipo nchito yonseyi siitha ora limodzi. Koma tsiku limene munthu adzanyamula wodwala mbandakuca kupita naye ku cipatala ca Mishoni ya Mwami, mame ali pa galasi ndi anthu a njinga ali m'mbali mwa mseu, sipadzakhala nthawi yofunafuna singano.