ZA UMOYO: Kuwawa kwa M'ciuno pa Nthawi ya Pakati ndi Kasankhidwe ka Cikuku ca Mwana

Azimai ambiri apakati amene amapita kusikelo amadandaula za ciuno. Ena amati kumawawa kumbuyo, m'munsi mwa msana. Ena amati kumalasa kutsogolo, pacinena peni-peni, makamaka poyenda kapena potembenuka pogona. Pa azimai apakati 5 alionse, mmodzi amakumana ndi bvuto limeneli.

Kuwawaku sikupweteka mwana amene ali m'mimba, koma kungathe kumfooketsa mai mpaka kulephera kutunga madzi, kupita kumunda, ngakhale kuona tulo. Ambiri amangolimba mtima poyesa kuti ndi mmene pakati pamakhalira. Ena amaganizira ufiti, kapena kuloza cala mwamuna kuti akuyenda-yenda. Koma gwero la bvutoli liri m'mafupa a m'ciuno, ndipo mai akadziwa mayendedwe ndi manyamulidwe oyenera, ululu umacepa. Nzeru yomweyo imafunikanso pamene banja likusankha conyamulira mwana akabadwa.

CIMENE CIMACITIKA M'CIUNO

Ciuno ciri ngati nkhata ya mafupa. Mafupa awiri akulu a m'mbali amakumana kutsogolo pacinena, ndipo kumbuyo amagwirana ndi fupa la kumapeto kwa msana, lina kumanja, lina kumanzere. Tero pali mfundo zitatu. Mfundozi zimamangidwa ndi minyewa yolimba, monga mmene luzi limamangira phaso la nyumba, ndipo mwa munthu amene alibe pakati sizisuntha kweni-kweni.

Mai akaima, thupi limacurukitsa mahomoni ochedwa relaxin ndi progesterone, amene amafewetsa minyewa ija kuti tsiku locira mwana adzapeze njira. Mpata wa pacinena, umene umakhala mamilimita 4 kapena 5, umaonjezeka ndi mamilimita 2 kapena 3. Pa nthawi yomweyo mai amalemera ndi makilogalamu 10 mpaka 12, ndipo mimba imakokera thupi kutsogolo. Mfundo zofewa zikasenza katundu wotere, mbali imodzi imasuntha kuposa inzake, ndipo ululu umayambira pamenepo.

Amene amabvutika kawiri-kawiri ndi azimai amene anali kumva kale msana, amene anabvulalapo m'ciuno, amene anali ndi bvuto lomweli pa mimba yapita, ndiponso amene amagwira nchito zolemetsa.

ZIZINDIKIRO ZAKE

Ululu wa mafupa a m'ciuno umadziwika cifukwa umatsata mayendedwe a munthu. Umakula poyenda mtunda wautali, pokwera masitepe kapena citunda, poimirira ndi mwendo umodzi monga pobvala, potembenuka usiku, ndi potangadza miyendo pokwera njinga kapena potsika minibasi. Nthawi zina umatsikira m'nchafu. Azimai ena amamva fupa likulira kapena kukhulana pacinena. Mai akapuma, ululu umayamba kuzirala.

ZOYENERA KUCITA PANYUMBA

Lamulo lalikulu ndi limodzi: miyendo iwiri isenze thupi molingana, ndipo maondo asatalikirane kwambiri.

Pogona, mai agonere cammbali ataika pilo kapena citenje copinda pakati pa maondo. Potembenuka, maondo ayendere pamodzi. Amene amagona pamphasa ayambe wagwada, kenaka aimirire atagwira mpando kapena khoma. Pobvala ndi posamba akhale pampando. Poyenda aponde mapazi afupi-afupi, atabvala nsapato zopanda gogoda. Pa njinga ya kabaza akhale cammbali, miyendo yonse mbali imodzi, ndipo woyendetsa apite pang'ono-pang'ono. Kucimbudzi ca dzenje kukhale mtengo wolimba wogwirira ponyamuka.

Nchito zina ziyenera kupatsidwa kwa ena. Cigubu ca malita 20 cimalemera makilogalamu 20, ndipo kucitukula kucoka pansi kufika pamutu kumapotokola ciuno. Kusinja, kupanga mizere, kupalira mowerama tsiku lonse, kusesa ndi tsache lalifupi, kukankha wilibala, ndi kunyamula mwana wamkulu pambali, zonsezi zimaonjeza ululu. Bvutoli limakula m'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala, pamene nchito za kumunda zimacuruka. Apa mpamene mwamuna, apongozi ndi ana okulirapo ayenera kulowapo. Komabe mai asangogona tsiku lonse, pakuti minofu ikafooka ciuno cimatayirira koposa. Agwire nchito zopepuka, akupumira.

Kumanga citenje mothina pang'ono m'munsi mwa mimba, mozungulira mafupa a m'ciuno, kumathandiza azimai ena poyenda. Kuthowa pamsana ndi nsaru ya madzi ofunda kumathandizanso.

ZA MANKHWALA

Panado angamwedwe motsata malangizo a kucipatala. Brufen ndi diclofenac sayenera kumwedwa ndi mai wapakati popanda cilolezo ca dotolo, makamaka pakati pakapitirira masabata 20, cifukwa angaononge impso za mwana ndi kucepetsa madzi a m'nsupa. Aspirin amwedwe pokhapo ngati acipatala alemba. Mankhwala a zitsamba amene ena amati amafewetsa njira ngoopsa, popeza angayambitse matenda a kucira nthawi isanakwane, ngakhale kung'amba ciberekero.

Ngati mai akulephera kuyenda, anamwino angamtumize ku cipatala cacikulu monga Chipata Central Hospital kapena St Francis ku Katete, kumene a physiotherapy amaphunzitsa zolimbitsa minofu ya m'ciuno, ndipo angamlangize za lamba wa m'ciuno kapena ndodo zoyendera.

ZIZINDIKIRO ZOTHAMANGIRA NAZO KUCIPATALA

Si kuwawa konse kwa m'munsi kumene kumacokera m'mafupa. Mai apite kucipatala tsiku lomwelo, usana kapena usiku, ngati pali cimodzi mwa izi:

1. Kutaya magazi, ngakhale pang'ono.
2. Kusweka kwa nsupa kapena kucuca madzi.
3. Mimba kumangika ndi kumasuka mobwereza-bwereza masabata 37 asanakwane.
4. Kutentha thupi, kuzizidwa, kapena kuocha pokodza.
5. Mwana kucepetsa kapena kuleka kusewera m'mimba.
6. Mutu waukulu, kuona zideru-deru, kutupa nkhope ndi manja.
7. Kulasa kwambiri mbali imodzi ya mimba m'miyezi itatu yoyamba, pamodzi ndi cizungulire. Ici cingatanthauze kuti mimba yakhala kunja kwa ciberekero.
8. Dzanzi kumaliseche kapena m'miyendo, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi cimbudzi.

M'caka ca 2016 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti mai wapakati aonane ndi acipatala kosacepera ka 8, kuyambira m'masabata 12 oyamba. Ulendo uliwonse wa kusikelo ndi mpata wonena za ciuno, ndipo palibe manyazi pa nkhaniyi.

POCIRA NDI PAMBUYO PAKE

Azimai ambiri a bvutoli amacira bwino-bwino popanda opaleshoni. Cofunika ndi kuuza anamwino pofika, kuti asatangadze miyendo kupitirira pamene mai angathe, ndi kumlola kugonera cammbali kapena kugwada ngati kutero kukumpepukira.

Mwana akabadwa, ciuno sicibwerera tsiku lomwelo. Kwa ambiri ululu umatha m'masabata kapena miyezi yowerengeka, koma pafupi-fupi mmodzi pa azimai 10 otere amapitiriza kumva kuwawa. Amene akali kumva ululu pa sikelo ya masabata 6 anene. Ndiye cifukwa cake funso la conyamulira mwana liyenera kuganiziridwa pamodzi ndi ciuno ca mai wake.

CITENJE KAPENA CIKUKU

Masiku ano mabanja ambiri a m'tauni amagula cikuku ca mwana, cimene ena amacicha pulamu, ndipo amagula m'miyezi yotsiriza, pamene ciuno cawawitsa. Asanaturutse ndalama, banja lidzifunse ngati cikukuco cidzayenda pa njira zimene mai amayendamo. Pa njira ya mcenga, ya miyala kapena ya matope, kukankha cikuku ndi nchito yolemetsa kuposa kubereka mwana kumbuyo, ndipo kungadzutsenso ululu. Kumudzi citenje cikali copambana: mwana amafunda, amayamwa msanga, ndipo kulemera kwake kumagwera pakati pa msana, malinga asapendekere mbali imodzi. Mwana wakhanda amangidwe mutu utacirikizidwa, mphuno ndi pakamwa ziri poyera, cibwano cisanatsamire pacifuwa. Mwana wobadwa masiku asanakwane, kapena wosafika makilogalamu 2.5, malo ake ndi pacifuwa ca mai, khungu kukhudza khungu, monga amaphunzitsira kucipatala.

Cikuku cimathandiza kumene kuli mseu wosalala, kwa mai wa mapasa, kwa amene anacira ndi opaleshoni ndipo sayenera kusenza zolemera m'masabata 6 oyamba, ndi kwa amene msana sukumlola kubereka nthawi yaitali. Koma cisadye ndalama ya galimoto yopitira kucipatala tsiku locira. Imeneyo ndiyo iyenera kusungidwa poyamba.

ZOYANG'ANA POGULA

1. Cigone cathya-thyathya. Mwana wosakwana miyezi 6 sanalimbe khosi ndi msana. Akakhazikidwa tsonga mutu umagwera kutsogolo ndi kupanikiza njira ya mpweya. Tizikuku topepuka topindika ngati ambulera, timene mpando wake sugona, ndi ta ana amene ayamba kukhala okha.

2. Malamba akhale ogwira malo asanu: mapewa awiri, m'ciuno mbali ziwiri, ndi pakati pa miyendo. Zomangira zake zitseke ndi kutseguka bwino.

3. Mabuleki agwire mawilo onse awiri a kumbuyo. Wogula awatseke ndi kukankha kuti aone ngati cikuku ciima.

4. Cogwirira cifike pafupi ndi ciuno ca mai, kuti akankhe ali woongoka, zigongono zitapindika pang'ono. Cogwirira cacifupi cimaweramitsa munthu, ndipo msana ndi umene umalipira.

5. Mawilo akhale akulu ndi otakata. Ang'ono-ang'ono amatitimira mu mcenga ndi kukodwa m'maenje, ndipo mai amayamba kukankha ndi mphamvu ya m'ciuno.

6. Kulemera kwake kuyesedwe. Mai ayese kucipinda ndi kucifunyulula yekha m'sitolo momwemo. Ngati cifuna kucipondereza ataimirira ndi mwendo umodzi, kapena sangathe kucikweza pakhonde ndi mu minibasi, sicimuyenera.

7. Cikhale ndi loko woletsa kupindika cokha mwana ali momwemo, cikhale cotakata pansi kuti cisagubuduke, ndipo cikhale ndi kadenga ka mthunzi.

Zikuku zambiri zimagulidwa pa salaula. Palibe colakwa, koma wogula ayang'anitsitse ming'alu, dzimbiri, zitsulo zakuthwa, timipata topana zala, malamba oduka ndi mabuleki otha. Nsaru zake zicapidwe ndi sopo ndi kuyanikidwa padzuwa mwana asanagonemo. Mai asapite yekha kumsika wodzaza anthu ciuno cikuwawa. Apite ndi womunyamulira.

KAGWIRITSIDWE NCHITO

Mwana amangidwe malamba ulendo uliwonse, ngakhale waufupi. Mabuleki atsekedwe nthawi zonse poima. Zikwama ndi majumbo asakolekedwe pacogwirira, cifukwa cikuku cimagwera cagada. Katundu wopepuka aikidwe m'kabasiketi ka pansi, koma thumba la unga ndi cigubu ca madzi si malo ake.

Cizolowezi coopsa ndi kuphimba cikuku conse ndi bulangete kapena citenje pofuna kuchinga dzuwa. M'katimo mpweya suyenda ndipo mumatentha msanga, makamaka m'mwezi wa Okutobala, pamene mai sakumuona n'komwe mwana. Pochinga udzudzu ndi nchenche pakhale kaneti kopita mphepo. Cikuku cisaimikidwe pafupi ndi mbaula, ndipo mwana asasiyidwe yekha m'menemo kapena kukankhidwa ndi ana anzake pamseu. Usiku mwana agone cagada pamalo ake, m'neti ya mankhwala.

Kwa mai wapakati amene ali ndi mwana wina wamng'ono, kumkankha m'cikuku pamalo osalala kuli bwino kuposa kumnyamula pambali. Koma pa citunda, pa masitepe ndi podutsa ngalande, akankhe kapena kunyamula ndi munthu wina.

MAU KWA AZIBAMBO NDI ACIBALE

Mai amene akudandaula ciuno si waulesi, ndipo sanalodzedwe. Afunika womtungira madzi, womsinjira, ndi womperekeza kusikelo. Azibambo amene amapita nawo kusikelo amamva okha malangizo a anamwino, ndipo amadziwa tsiku loyenera kufuna galimoto. A magulu a Safe Motherhood a m'midzi angathandizenso kufotokozera acibale. Mai amene akukhala kutali ndi cipatala ndipo akubvutika kuyenda akambirane ndi anamwino za kukadikirira pafupi ndi cipatala masiku asanakwane.