Mpeni Wam'thumba: Kuudziwa, Kuunola ndi Kuyenda Nawo

Pa zipangizo zonse za mlimi, mpeni wopinda ndiwo wochepetsetsa, komabe silipita tsiku osagwira ntchito. Umadula chingwe cha ng'ombe, umatsekula thumba la feteleza, umasenda nzimbe, umatumbula nsomba za mu mtsinje wa Kafue, ndipo m'nazale ndiwo umamezanitsa mango, malalanje ndi mapeyala. Alipo alimi ena pakati pathu amene chikondi chawo pa mipeni chinapitirira malire a ntchito. Amaisonkhanitsa, amadziwa kumene uliwonse unasulidwa, ndipo madzulo amakhala pakhonde ndi mwala wonolera monga ena amakhalira pa bawo. Anzawo amawaseka, amati ndi kuwononga ndalama. Koma wokonda mpeni amaphunzira kuunola, ndipo mlimi wodziwa kunola amapulumutsa mitengo imene mnzake wa mpeni wobuntha amaipha osadziwa.

Chitsulo si mlendo kuno

Makolo athu ankadziwa chitsulo kale azungu asanafike. Ankayenga miyala m'ng'anjo, nkumasula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mipeni pa chipala, mnyamata akupukusa mvukuto. Mu 1960, anthu okumba maziko a thanki la madzi pa Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, anapeza manda akale muli mikanda, mkuwa, golide, makasu achitsulo ndi zida za osula. Mipeni ya makolo inali yosapinda, ndipo inkayenda m'chimake chachikopa kapena chamtengo. Wopinda unabwera ndi malonda. Njanji itaoloka mtsinje wa Kafue mu 1906, katundu wa m'mafakitale akutali anayamba kufika mosavuta m'masitolo, ndipo amuna obwera kumigodi ya ku Joni ankafika kumudzi ndi bulangete, chipewa ndi mpeni m'thumba.

Mpeni umene unatchuka koposa kum'mwera kwa Africa ndi Okapi. Unayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen, mzinda wa osula mipeni ku Germany, ndipo cholinga chinali kuugulitsa ku Africa. Dzina lake unatengera nyama ya m'nkhalango za ku Congo, yachibale ndi kadyansonga, imene azungu anali atangoidziwa kumene. Mu 1988 makina ake ndi dzina lake zinagulidwa ndi kampani ya ku South Africa, ndipo kuyambira pamenepo umapangidwa ku Isithebe, m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Umadziwika ndi chigwiriro chamtengo, kawirikawiri chokongoletsedwa ndi mwezi ndi nyenyezi, ndiponso kamphete kakumsana kamene muyenera kukoka kuti mpeni upindike. Osonkhanitsa mipeni amayamba kuyang'ana chidindo cha pa chitsulo. Wolembedwa Germany ndi wakale ndithu, ndipo amene anasiyiridwa wotere ndi agogo ake asafulumire kuusinthanitsa ndi wonyezimira wa pamsika.

Mayiko enanso ali ndi mipeni yawo ya alimi. Ku France kuli Opinel, umene Joseph Opinel anayamba kuusula mu 1890 kumapiri a Savoie. Ku Switzerland, Karl Elsener anatsekula chipala chake ku Ibach mu 1884, ndipo kumeneko ndiko kunachokera Victorinox, kampani imene imapanganso mipeni yomezanitsira mitengo. Yonseyi inapangidwira anthu a ntchito zamanja. Wosonkhanitsa wanzeru amaisunga m'malo ouma itapakidwa mafuta, ndipo amadziwa kuti mipeni itatu yakuthwa iposa 20 yadzimbiri ili m'kabati.

Chimene mpeni wobuntha umawononga

Pakati pa khungwa ndi mtengo weniweni pali kachigawo konyowa, kopyapyala ngati pepala. Moyo wa kumezanitsa uli pamenepo. Kuti kanthambi ka mango a mtundu wabwino kagwirane ndi tsinde la mango akumudzi, tizigawo timeneti tiyenera kukumana pa mabala awiri osalala, odulidwa ndi kukoka kumodzi. Mpeni wobuntha sudula, umafinya ndi kung'amba. Bala limakhala la mabampu, mpweya ndi madzi zimalowa pakati, ndipo pakapita masabata atatu mukamasula pulasitiki mumapeza kanthambi katada. Ambiri amanamizira nyengo kapena dzanja loipa, pamene cholakwa chinali m'thumba mwawo. Taganizani mlimi amene wasamala mbande 200 kwa miyezi yambiri, kuthirira ndi kupalira, nkutaya theka lake chifukwa cha ntchito ya mphindi 10 imene sanaichite pa mwala.

Mpeni wobuntha ndiwonso umavulaza mwini wake kawirikawiri, pakuti umafuna mphamvu, ndipo ukaterereka umapita ndi mphamvu yonseyo pa chala.

Kanoledwe kake

Chitsulo cha Okapi ndi cha kaboni. Chimanoleka msanga ndipo chimathwa bwino, koma chimachita dzimbiri mukachisiya chonyowa. Chitsulo chosachita dzimbiri chimapirira chinyezi, koma china chimatenga nthawi pa mwala. Zonse ziwiri zimafuna njira imodzi.

Pezani mwala wa mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalala, ndipo muunyowetse ndi madzi. Ngati munauzolowetsa mafuta, pitirizani ndi mafuta. Imikani mpeni chilili pa mwala, muupendeke kufika theka, kenako thekanso la pamenepo. Mwafika pafupi ndi madigiri 20, ndipo chinsinsi chonse ndi kusasintha kupendekako. Kankhani ngati mukufuna kusenda kachigawo ka mwalawo, kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga. Pitirizani mbali imodzi kufikira mutamva kachitsulo kopyapyala katapindikira mbali inayo, pogwira ndi chala kuchokera kumsana kwa mpeni kutsikira kukamwa kwake. Kakamveka ponseponse, tembenuzani nkuchita chimodzimodzi. Kenako pitani ku mbali yosalala ya mwala, mukuchepetsa mphamvu. Malizani pa lamba wachikopa, mukukokera mpeni chakumsana kuti kachitsulo kaja kachoke. Yesani pa pepala kapena pa khungu la tomato. Ukadutsa wosakakamiza, ntchito yatha.

Mpeni womezanitsira umanoledwa mbali imodzi yokha. Mbali inayo imakhala yafulati kuti bala lituluke lowongoka, choncho muzingoigoneka pa mwala wosalala kawiri kapena katatu. Mukasowa mwala, kunsi kwa kapu yadothi, pamene sipanapakidwe zonyezimira, kumathandiza. Chimene muyenera kupewa ndi makina opera zitsulo a kwa owotcherera. Amatenthetsa kukamwa kwa mpeni mpaka kusintha mtundu, ndipo chitsulo chikapsa chotero chimafewa, sichisunganso kuthwa.

Ukhondo

Mpeni umanyamula matenda kuchoka pa chomera china kupita pa chinzake. Matenda a mawanga a masamba amene amagwira fodya ndi tomato amayenda pa manja ndi pa zida, ndipo ena a malalanje amayenda pa mpeni womezanitsira. Musanachoke pa mtengo wina kupita pa unzake, viikani mpeni m'madzi a Jik, muyezo umodzi wa mankhwala pa miyezo 9 ya madzi. Mankhwalawa amadya chitsulo, motero pomaliza ntchito tsukani ndi madzi oyera, pukutani, nkudontheza kadontho ka mafuta polumikizira ndi pa chitsulo. Ngati mpeniwo umakhudza chakudya, mafuta ophikira ndiwo oyenera. Amene angathe akhale ndi mipeni iwiri, wa ntchito zonse ndi wa m'nazale wokha. Wotumbulira nsomba usakhudze mbande, ndipo womezanitsira usadule waya kapena kusanduka chomasulira zomangira.

Kuyenda nawo

Okapi ali ndi mbiri ina yosakoma. M'makomboni a ku South Africa dzina lake linamveka kwambiri pa nkhani za zigawenga ndi ndewu, mpaka anthu ena akaumva amaganiza za magazi. Chitsulocho nchimodzimodzi ndi chimene chili m'thumba la mlimi, chasiyana ndi malo amene mwini wake amapita nacho. Kumunda, kukhola ndi kudoko ndiko kwawo kwa mpeni. Ku bala, ku mpira, ku msonkhano wa ndale ndi kulikonse kumene mitima ingatenthe, usiyeni kunyumba. Malamulo a dziko lino amaletsa kuyenda ndi chida choopsa popanda chifukwa chomveka, ndipo wapolisi akakupezani nawo pakati pa ndewu sadzafunsa za nazale yanu. Akulu anati tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Wophunzira wathu mmodzi akasolola mpeni pa mnzake, manyazi amafika pa sukulu yonse ndi pa mpingo umene unamutuma.

Popatsa mnzanu, pindani kaye kapena mupatseni chigwiriro. Podula, lozetsani kutali ndi thupi, kupatula pomezanitsa pamene aphunzitsi anakuonetsani kagwiridwe kake. Ana musamangowabisira. Akafika msinkhu, khalani nawo pansi muwaphunzitse kutsekula, kupinda ndi kunola, monga mumawaphunzitsira khasu.

Nyengo yomezanitsa isanafike, tulutsani mpeni wanu muuyese pa pepala. Ukang'amba m'malo modula, musakhudze mbande kufikira mutakhala pa mwala. Ndipo inu amene munamaliza maphunziro kale, ngati m'mudzi mwanu muli mkulu wodziwa kunola kapena wosula amene akugwirabe ntchito, tengani wachinyamata mmodzi mupite naye akaone ndi maso ake.