KUYESA MPHAMVU YA MPWEYA M'CIFUWA CA WODWALA

Munthu akadwala cibayo coopsa, kapena akaphwanyika pa ngozi, nthawi zina amalephera kupuma yekha. Pamenepo madokotala amamgoneka m'cipinda ca odwala mwakayakaya, namlumikiza ku makina opopera mpweya m'mapapu. Nchito yotere inakula m'caka ca 1952 ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, pa mliri wa poliyo, pamene Dr. Bjørn Ibsen analangiza kuti odwala azipoperedwa mpweya kupyolera m'kapaipi ka pakhosi. Ophunzira udokotala anali kufinya matumba a mpira ndi manja usana ndi usiku.

Koma mpweya wopulumutsawo ukhoza kuononganso. Ukapopedwa mwamphamvu zedi, timatumba ta m'mapapu timafufuma kopitirira muyeso ndi kubvulala. Ukacepa mphamvu, timatumbato timafota ndi kumamatirana, ndipo mwazi sulandira mpweya wabwino wokwanira.

Bvuto liri apa: geji ya pa makina imasonyeza mphamvu yonse pamodzi, koma mphamvuyo imagawika pawiri. Ina imafutukula mapapu, ina imakankha nthiti ndi mimba. Kwa munthu wonenepa kwambiri, kapena wotupa mimba, gawo lalikulu limathera pa kukankhako. Tsono dokotala afunika kudziwa mphamvu imene ikupanikiza mapapu kunja kwake. Kuboola cifuwa nkoopsa, koma njira ya cakudya imatsika pakati pa mapapu, kuseri kwa mtima, ndipo pokhala yofewa imamva kupanikiza konse kwa m'cifuwa.

Kotero amatenga kapaipi kopyapyala kokhala ndi kabaluni kunsonga, nakalowetsa pamphuno kufikira m'mimba. Atatero amakabweza pang'onopang'ono mpaka kabaluniko kakhale m'munsi mwa njira ya cakudya, masentimita 35 kufikira 40 kucokera pamphuno. Ngati wodwala anasweka cigaza, amakalowetsa pakamwa.

Masamu ake ngosabvuta, ndipo muyeso wake ndiwo masentimita a madzi. Makina akasonyeza 30 mpweya utalowa, kabaluni nkusonyeza 18, ndiye kuti mapapu alandira 12 yokha. Koma mpweya utaturuka, makina akasonyeza 10, kabaluni nkusonyeza 14, mphamvu yakunja yapambana, ndipo mapapu akufota. Apo dokotala akhoza kuonjezera mphamvu yotsalira m'mapapu pakati pa kupuma ndi kupuma.

Ogwira nchito pa mapampu a ku mgodi adziwa kuti geji yonama imaphetsa anthu. Ncimodzimodzi m'cipatala, ndipo kabaluni sikakhulupiridwa kasanayesedwe. Coyamba, aona ngati kali pamalo pake: mzere wa pa makina uyenera kusonyeza tizizindikiro ta kugunda kwa mtima. Caciwiri ndico kucuruka kwa mpweya wa m'kabaluni. Ukacepa, ciwerengero cimatsika monama. Ukacuruka, kabaluni kamatambasula njira ya cakudya, ndipo ciwerengero cimakwera monama. Mtundu uliwonse wa kabaluni uli ndi muyeso wake, ndipo mpweyawo amaubwereza kawirikawiri pakuti umatha kupulumuka.

Cacitatu ndi ciyeso cimene Baydur ndi anzake analongosola m'caka ca 1982. Amatseka njira ya mpweya kanthawi kocepa wodwala atangoturutsa mpweya. Iye akayesa kukoka mpweya, mapapu safutukuka, cotero geji ya makina ndi ya kabaluni ziyenera kusuntha mofanana. Ngati wagonekedwa ndi mankhwala ndipo sakoka yekha, amamsindikiza pacifuwa ndi manja mosamala. Kusuntha kwa geji ya kabaluni kukagawidwa ndi kwa inzake, yankho liyenera kugwa pakati pa 0.8 ndi 1.2. Zikapanda kutero, amakonzanso kapaipiko. Akumbukiranso kuti munthu akagona cagada, mtima umalemera pa kabaluni ndi kukweza ciwerengero pang'ono.

Kodi njirayi imapulumutsa miyoyo? M'caka ca 2008 Dr. Daniel Talmor ndi anzake ku Boston anaiyesa pa odwala 61, napeza kuti mwazi wao unalandira mpweya bwino koposa wa anzao. Koma kafukufuku wa 2019, wa odwala 200, sanapeze kusiyana pa imfa poyerekeza ndi njira ina yosunga mphamvu yambiri m'mapapu. Cifukwa cace madokotala saika kabaluni mwa aliyense, koma makamaka mwa odwala amene geji ya makina payokha siingawauze zoona.

Acibale akaona kapaipi kotere pamphuno ya wodwala wao asacite mantha, ndiponso asakagwire, pakuti kakasuntha pang'ono ciwerengero conse casokonezeka. Nkwabwino kufunsa namwino nchito yake ya kapaipi kalikonse.