Nyowe: m'bale wa gwafa amene ndi wathuwathu

Ambiri a ife timadziwa gwafa ndi bulugamu, koma sitidziwa kuti mitengo iwiriyi ndi ya banja limodzi lotchedwa Myrtaceae. Yonseyi ndi yobwera: bulugamu anachokera ku Australia, gwafa ku America. Koma m'banja lomweli muli mtengo wachilengedwe wa kwathu kuno, nyowe, umene ena amati katope. Akatswiri amautcha Syzygium cordatum.

Nyowe amamera m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje. Masamba ake ndi okhuthala, obulungira, ndipo amakhala ngati akukumbatira nthambi. Maluwa ake ndi oyera, a timaulusi tambirimbiri ngati a gwafa, ndipo njuchi zimawakonda kwambiri. Zipatso zake zikapsa zimada ndipo zimadyedwa.

Ku Chiradzulu malo ndi ochepa, anthu ndi ambiri, motero alimi amalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje monga Mombezi. Gombe likakhala lopanda mitengo, madzi amalidya chaka ndi chaka, munda n'kumachepa. Namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anationetsa zimene nthaka yopanda chogwira imachita. Mizu ya nyowe imalimbitsa gombe, ndipo mtengowu suvutika ndi chinyezi chimene chimapha mitengo ina.

Chinsinsi chodzala nyowe chili pa mbewu. Njere zake zikauma zimafa, choncho sizisungidwa ngati chimanga. Tolani zipatso zakupsa bwino, chotsani mnofu, tsukani njere ndipo muzifese masiku omwewo. M'machubu ikani dothi losakaniza ndi mchenga komanso manyowa owola bwino. Njere isalowe pansi kwambiri. Kadothi pang'ono pamwamba pake n'kokwanira. Machubuwo akhale pamthunzi, ndipo muzithirira m'mawa ndi madzulo.

Mbande zikafika pafupifupi masentimita 30, chepetsani mthunzi ndi madzi kwa masabata angapo kuti zikhwime. Kenako okerani mvula ikakhazikika. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba mu Disembala mpaka Epulo. Sankhani malo achinyezi, osati pamtunda pouma, chifukwa pamenepo nyowe amapinimbira. Tchingirani mbande iliyonse kuti mbuzi zisadye, ndipo lambulani udzu mozungulira moto wolusa usanayambe.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi, nazale ya nyowe pasukulu ingatithandize kuphunzitsa sayansi ndi ulimi popanda kugula zambiri. Mwana aliyense atafesa njere zisanu, kalasi ya ana 60 ingafese njere 300 m'chaka chimodzi.